Ndapukwa ng'oma za anansi

Tchalitchi changa ndinachipeza kuno. Nditangofika m'Malawi muno kudzaphunzitsa masamu, ndinalowa m'tchalitchi cha Katolika ku Limbe, ndipo ngakhale sindinkamva liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa, ndinkadziwa nthawi yogwada ndi nthawi yoimirira. Mapemphero a kolona ndi omwewo, Ukaristia ndi womwewo. Pa za chipembedzo changa sindinakhalepo wamasiye. Zaka zapita, ndinakwatira mwana wa ku Thyolo, Chichewa chinandilowerera, ndipo ana anga akamati kwathu amanena kuno. Koma pali njala ina imene Misa siithetsa. Ndapukwa zikondwerero za eni ake. Ndapukwa ng'oma za ku kachisi wa Ahindu kumene sindinapembedzeko, ndi fungo la mpunga wochokera kukhitchini ya Asilamu amene sindinasale nawo kudya. Munthu akamachoka kwawo chipembedzo chake amapita nacho, koma cha anansi chimatsala.

Kwathu ndi ku Kerala, chigawo chopyapyala chimene chagona pakati pa mapiri ndi nyanja yamchere kumwera chakumadzulo kwa India. Malo ake ndi gawo limodzi chabe mwa magawo atatu a Malawi, koma kalembera wa 2011 anawerengamo anthu oposa 33 miliyoni. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 55 ndi Ahindu, 27 ndi Asilamu, 18 ndife Akhristu. Musaganize kuti gulu lililonse lili ndi mudzi wakewake. M'kanjira kathu, pafupi ndi tauni ya Irinjalakuda m'boma la Thrissur, nyumba ya kumanzere inali ya bambo achihindu amene ana tonse tinkawaitana Ammavan, monga tikanaitanira malume athu enieni. Kuseri, kungodumpha mpanda, kunali mayi achisilamu amene tinkawaitana Umma monga ankawaitanira ana awo. M'bandakucha unkayamba ndi mzikiti kuitana anthu, kenako nyimbo za pa chimkuzamawu cha kukachisi, kenako belu la Misa. Amma, mayi anga, sankayang'ana wotchi. Nthawi yoteleka tiyi ankaidziwira pa mawu amenewo.

Kusakanikirana kumeneku si kwa dzulo. Ukakwera basi kuchokera kwathu, usanatope n'kukhala wafika kale ku Kodungallur, dera limene kalekale linali ndi doko lotchuka. Makolo athu amati mtumwi Tomasi anatsikira kumeneko m'chaka cha 52, n'chifukwa chake timatchedwa Akhristu a Tomasi Woyera, ndipo Apwitikizi atafika mu 1498 anatipeza tikupemphera kale m'Chisiriya. Asilamu amati mzikiti wa Cheraman, m'tauni yomweyo, unamangidwa mu 629, Mtumiki akadali moyo. Chapafupi pomwepo pali kachisi wakale wa mulungu wamkazi Bhagavathy. Akatswiri a mbiri amatsutsana pa zaka zimenezi, koma palibe amakana chimene chinkakoka zombo: tsabola wakuda wa m'mapiri athu. Amalonda ankabwera ndi mphepo ya nyengo ina, n'kudikira miyezi kuti mphepoyo itembenuke, ndipo ena podikirapo anakwatira n'kukhazikika. Ayuda nawo anali nafe. Sunagoge wa Paradesi ku Mattancherry, womangidwa mu 1568, alipobe, ndipo ku Mala, kufupi ndi kwathu, kuli sunagoge amene eni ake anamusiya m'manja mwa akuluakulu a deralo posamukira ku Israel m'zaka za m'ma 1950.

Chaka chathu Akhristu chinkayamba ndi tsinde la nthochi. Kumayambiriro kwa Januwale, pokumbukira ubatizo wa Ambuye, pamakhala Pindi Perunnal: banja lililonse limadula tsinde la nthochi, kulisenda mpaka litayera mbee, kulizika pakhomo, n'kulibaya timiuni ndi timbendera ta mapepala. Appan, bambo anga, analibe luso la chikwanje, choncho tsinde lathu ankasenda ndi Ammavan, ndipo ankagwira ntchitoyo atavula nsapato. Madzulo timivi tagolide ta Sebastian Woyera tinkayenda khomo ndi khomo pansi pa maambulera a silika, ng'oma zili patsogolo. Oimba ng'omazo anali Ahindu omwe aja oimba kukachisi. Amayi achihindu ankatuluka ndi ndalama m'manja, chifukwa kuyambira kale anthu amakhulupirira kuti woyera ameneyu amateteza ku nthomba monga amachitira Bhagavathy, ndipo agogo ena ankanena mosabisa kuti awiriwo ndi pachibale. Bambo mfumu sankagwirizana nazo zimenezo, koma sankabweza munthu.

Sikuti tinkasakaniza zipembedzo ayi. Aliyense ankadziwa malire ake, ndipo ine ndimaona kuti ubale wathu unkalimba chifukwa cha kudziwa malireko. Lachinayi Loyera Amma ankaphika mkate wa ufa wa mpunga wopanda chofufumitsa, pamwamba pake ataikapo kamtanda ka tsamba lanthete la kokonati limene tinalandira Lamulungu la Kanjedza. Appan ankaudula atapemphera, n'kumatigawira kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, ife tikuviika mu mkaka wa kokonati wotsekemera. Mkate wamtandawo sunkatuluka m'nyumba. Koma Amma ankaphikanso ina yopanda mtanda, ndipo imeneyo ndinkapititsa ine kwa anansi. Pa shelefu ya pamwamba panali mphika umodzi umene chiugulireni sunakhudzepo nyama ya nkhumba kapena ya ng'ombe. Tsiku lina mlongo wanga atautsitsa kuti atenthetsere ndiwo, Amma anamugwira dzanja: "Mole, bwezera pomwepo. Umenewo ndi wa anansi." Mwezi wa Ramadan ukafika, dzuwa likangolowa, mwana wa Umma ankaonekera pa mpanda ndi mbale yovundikira. Munkakhala pathiri, timikate ta mpunga topyapyala kwambiri moti ukatinyamula kuyang'ana ku nyale kuwala kunkadutsa, ndi nkhuku ya msuzi wa kokonati. Ife amene sitinasale tinkadya nawo za omasula. Mbaleyo sinkabwerera yopanda kanthu.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi chikondwerero cha Thrissur Pooram. Anaiyambitsa ndi mfumu ya Cochin, Sakthan Thampuran, amene analamulira kuyambira 1790 mpaka 1805. Amati chaka china anthu a akachisi a ku Thrissur anachedwa ndi mvula popita ku chikondwerero chachikulu cha ku Arattupuzha, ndipo kumeneko anawabweza. Mfumu inawauza kuti azichita chawo. Inasonkhanitsa akachisi 10, n'kuwagawa m'magulu awiri opikisana, la Paramekkavu ndi la Thiruvambadi, kuti chaka ndi chaka m'mwezi wa Medam, umene umagwa pakati pa Epulo ndi Meyi, azikumana pa bwalo lalikulu lozungulira kachisi wa Vadakkunnathan pakatikati pa mzinda. Mfumu yomweyo ndi imene inaitana mabanja a Akhristu amalonda kuti adzakhazikike mu Thrissur, choncho mzindawo ndi Pooram yakeyo tinakula nazo limodzi. Mwambo wonse umatenga maola pafupifupi 36 osapumira.

Ine ankanditenga ndi Ammavan. Appan ankaopa chikhamu, koma Ammavan ankangotulukira m'mamawa atavala nsalu yawo yoyera, kathaulo kali paphewa, n'kunena kwa Amma, "Chechi, mwanayu ndipatseni, mudzamuona mawa." Cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo, oimba oposa 200 amaima m'mizere moyang'anizana pansi pa mtengo wa ilanji m'bwalo la kachisi: a ng'oma za chenda, a timbale tamkuwa toombanitsa, a zitoliro, ndi a malipenga opindika. Amayamba pang'onopang'ono, moti mlendo amadabwa chimene anthu adzadzirana. Kenako liwiro limakwera, gawo ndi gawo, kwa maola awiri kapena kuposa, popanda wina woima kutsogolo kuwaimbitsa. Onse amangoyang'ana ndodo ndi nsidze za mkulu amene waima pakati pa mzere wa ng'oma. Kwa zaka zambiri mpaka 2022 mkulu ameneyo anali Peruvanam Kuttan Marar, ndipo kwathu ngakhale mwana wa sukulu wa chipembedzo chilichonse ankalidziwa dzina limeneli. Pofika kumapeto chifuwa chimanjenjemera ngati waima pafupi ndi chigayo, manja masauzande ali m'mwamba kumenya mphepo motsatira ng'oma, ndipo thukuta la pamsana pako sudziwanso ngati ndi lako kapena la mnzako. Ammavan ankandinyamula paphewa. Kolona ndinali nditavala pakhosi poonekera, koma palibe anandifunsapo kanthu.

Dzuwa likapendeka magulu awiri aja amatulukira ku chipata cha kumwera. Njovu 15 za Paramekkavu zimaima mzere mbali iyi, 15 za Thiruvambadi mbali inayo, pakati pali khamu la anthu losaoneka malire. Njovu iliyonse yavala chophimba chagolide pamphumi, ndipo pamsana pake pali amuna atatu: wina wagwira ambulera yaitali, wina zokupizira za nthenga za pikoko, wina michira yoyera. Mbali imodzi imakweza maambulera 15 ofiira nthawi imodzi, anthu n'kukuwa. Mbali inayo imayankha ndi obiriwira a mphonje zasiliva. Amatsitsa, kukweza ena, kutsitsa, kukweza ena, ena osanjikiza, ena a nyale mkati mdima ukagwa. Maambulerawo amasokedwa mobisa kwa miyezi, ndipo palibe woweruza amene amalengeza wopambana. Mkangano wake umathera m'mabasi ndi m'malo omwera tiyi mpaka chaka chamawa. Tinkagona pa khonde la sitolo, n'kudzutsidwa cha m'ma 3 koloko usiku ndi makombola ogwedeza nthaka. Masana a tsiku lotsatira njovu ziwiri zonyamula milungu ya magulu awiriwo zimayang'anizana, kukweza chitamba, kutsanzikana. Pamenepo Ammavan ankapukuta maso ndi kathaulo kaja, n'kundigulira chibaluni, ulendo wa kumudzi.

Pa njovuzo mtima wanga unagawanika nditakhala kuno. Nditaona njovu ku Liwonde zikuwoloka Shire ndi ana awo, popanda unyolo, popanda munthu wa ndodo pambali, ndinakumbukira zilonda za m'miyendo ya njovu za kwathu, zimene zimaima maola ambiri pa tala wotentha, pakati pa phokoso limene khutu la njovu silinalengedwere. Makombola nawo atiliritsa maliro. Pa 10 Epulo 2016, ku kachisi wa Puttingal ku Paravur, mosungira makombola munaphulika ndipo anthu oposa 100 anafa usiku umodzi. Mu 2023 kachisi wa Irinjadappilly, kufupi ndi kwathu, anayamba kugwiritsa ntchito njovu ya makina pa miyambo yake, ndipo ena anaseka. Ine ndikuti anachita bwino. Ng'oma zikhale, maambulera akhale, koma njovu zipume. Ndikunena izi ndine yemweyo amene misozi imalengeza ndikaona chithunzi cha njovu 30 zija zitaima ndi golide pamphumi.

Kutalikira kumakometsa kwanu, choncho ndinenenso zowawa. Bambo awo a Ammavan, ali mnyamata, sakanaloledwa kuima pamene ine ndinaima. Anali a mtundu wa Ezhava, umodzi mwa mitundu imene Ahindu odziyesa apamwamba ankati imadetsa. Sankaloledwa kulowa m'kachisi, ndipo m'malo ena sankaloledwa ngakhale kuyenda pa msewu wodutsa pambali pake, pamene Mkhristu kapena Msilamu ankadutsapo bwinobwino. Sree Narayana Guru, wa mtundu womwewo, anadzipatulira yekha malo opembedzerapo mulungu Shiva ku Aruvippuram mu 1888, ntchito imene ankati ndi ya ansembe a mtundu wa Brahmin okha. Ku Vaikom anthu anachita zionetsero zamtendere mu 1924 ndi 1925 pofuna ufulu woyenda m'misewu yozungulira kachisi, ndipo Gandhi anafikako. Mfumu ya Travancore inatsegula akachisi kwa Ahindu onse mu 1936. Kwathu ku Cochin zinachedwa mpaka kumapeto kwa 1947, ndipo mu 1946 ku Irinjalakuda komweko anthu anamenyedwa chifukwa cha msewu wa pafupi ndi kachisi wa Koodalmanikyam. Nafenso Akhristu a Tomasi manja athu si oyera pa nkhaniyi. Tinkadziona apamwamba, ndipo abale amene anabatizidwa kuchokera m'mitundu yonyozedwa tinkawakhazika kumbuyo. Mpaka lero ukwati pakati pa ana athu ndi awo umavuta.

Zipata zina zikadali zotseka. K. J. Yesudas, woimba amene mawu ake amadziwika m'nyumba iliyonse ku Kerala, anabadwira m'banja la Katolika ku Fort Kochi. Ndi mawu ake amene amamveka potseka kachisi wa Sabarimala usiku, m'nyimbo yogoneka mulungu Ayyappan. Koma ku Guruvayur, m'boma lathu lomweli, kachisi amene wamuimbira nyimbo zambirimbiri, saloledwa kulowa chifukwa si Mhindu. Ku Marad, pafupi ndi Kozhikode, asodzi achihindu ndi achisilamu anaphana mu 2002 ndi 2003. Zonsezi ndi zathu, sindingazikane. Komabe amwendamnjira opita ku Sabarimala, ovala zakuda, atadziletsa masiku 41, asanakwere phiri amayamba aima ku Erumeli n'kuzungulira mzikiti wa Vavar, Msilamu amene amati anali bwenzi la Ayyappan, ndipo ambiri pobwerera amakavulira mikanda yawo ya lumbiro ku tchalitchi cha Arthunkal. Ammavan ankapita kawirikawiri ulendo umenewu. Pa masiku awo odziletsa sankadya nyama kapena nsomba, ndipo Amma akafuna kukazinga nsomba ankayamba atseka zenera la mbali ya kwawo.

Chikondwerero chokhacho chimene ndinatha kuwoloka nacho nyanja ndi Onam, chifukwa chimenechi ndi cha tonse. Nthano yake imati kunali mfumu Mahabali, ndipo m'masiku ake munalibe bodza, munalibe kuberana pa sikelo, anthu onse anali ofanana. Milungu inachita mantha ndi kutchuka kwake, ndipo mulungu Vishnu anabwera ngati kamnyamata kakafupi, Vamana, kudzapempha malo a mapazi atatu. Mfumu itavomera, kamnyamatako kanakula, phazi loyamba linakuta dziko, lachiwiri kumwamba, ndipo Mahabali, posafuna kuphwanya lonjezo, anapereka mutu wake kuti lachitatu lipondepo. Anangopempha kuti azibwera kamodzi pachaka kudzaona anthu ake. Ndiye m'mwezi wa Chingam, pakati pa Ogasiti ndi Sepitembala, mvula yaikulu itatha, kwa masiku 10 kuyambira tsiku la Atham mpaka la Thiruvonam, khomo lililonse limayala maluwa mozungulira pabwalo, anthu amavala zatsopano ndi kudya bwino, kuti mfumu ikamadutsa ione kuti ana ake sakuvutika. Mwambi wakwathu umati ngakhale ugulitse munda, Onam uidye.

Kuno nthawi imeneyo kumakhala fumbi ndi mphepo, mapiri akupsa ndi moto wa osaka mbewa. Masamba a nthochi amachokera kumunda kwa apongozi ku Thyolo, ndipo amasankha okha osang'ambika. Ku msika wa Limbe ndimasaka kokonati, chilazi, nthochi zaziwisi, maungu, khobwe, bwemba, ndi zitheba za chammwamba kwa amayi ochokera ku chigwa cha Shire, amene poyamba ankadabwa kuti ndikusiya masamba n'kumafuna zitheba. Usiku wonse ndimakhala pa kampando kokhala ndi mano achitsulo kumapala kokonati, mayi a kunyumba akudula masamba motalika ngati chala kuti tiphike avial ndi chambiko. Tsamba la nthochi limayalidwa nsonga italoza kumanzere kwa wodya, ndipo ndiwo iliyonse ili ndi malo ake: mchere ndi tchipisi ta nthochi kumanzere, zowawasa pambali pake, zamasamba pamwamba, mpunga pakati, ndipo pomaliza payasam wotsekemera amathiridwa pa tsamba lomwelo. Mpunga wathu wofiira wonenepa kuno kulibe. Kilombero amanunkhira bwino, koma samwa msuzi mofanana. Chaka choyamba apongozi atakhala pansi anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, ndiwo zonsezi, ndipo kanyama palibe ndi kamodzi komwe?" Anadya mpaka tsamba linayera, ndipo tsopano Ogasiti akayandikira amafunsa okha kuti masamba afunika angati.

Lamulungu lotsatira ife a ku Kerala okhala mu Blantyre timakumana mu holo: anamwino, aphunzitsi, owerengera ndalama m'makampani, ansembe ndi masisitere, Ahindu, Akhristu ndi Asilamu pa mzere umodzi. Wina wa mimba yaikulu amavala ngati Mahabali, ana amayala maluwa a bougainvillea, timakokana chingwe. Ndimayamika tsiku limenelo ndi mtima wonse. Koma ng'oma ya chenda imachokera m'sipika, tsikulo timachita kusankha pa kalendala, ndipo ukangotuluka pa geti Onam yathera pomwepo. Kwathu sunkaitanidwa. Chikondwerero cha mnzako chinkakupeza pakhomo, kutseka msewu wako, kukusowetsa tulo, n'kukudyetsa. Sindikunena kuti kuno kulibe anansi abwino; pa Eid mbale imafika pakhomo panga kuchokera kwa banja la ku Mangochi limene tayandikana nalo, ndipo mu Okutobala ndimapita ndi akuchikazi ku Chonde kukaonera tchopa pa Mulhako. Ng'oma za kumeneko zimandifika pamtima. Koma kumeneko ndine mlendo wolandiridwa bwino, wopatsidwa mpando pamthunzi. Ku Pooram ndinali mwana wa pakhomo, ngakhale kachisi sanali wanga.

Kutalika kwa mtunda ndinakumva zenizeni mu Ogasiti 2018. Mvula inagwa yosaleka, madamu anatsegulidwa, ndipo mtsinje wa Chalakudy unalowa m'midzi ya boma lathu. Inu amene munaona namondwe wa Freddy mu 2023 sindikufunika kukuuzani mmene madzi amasandutsira mudzi. Ku Kerala anthu oposa 400 anafa, ndipo oposa 1 miliyoni anathawira m'misasa. Foni ya kwathu inazima. Masana ndinkangokhala mutu uli kwina, usiku ndili pa intaneti kufufuza dzina la mudzi wathu m'mindandanda ya misasa. Asodzi a m'mbali mwa nyanja, anthu amene masiku onse amaonedwa ngati otsika, anakweza maboti awo pa malole n'kupita kumtunda kukapulumutsa anthu pa madenga. Amma anatulutsidwa m'nyumba ndi mdzukulu wa Umma, atawabereka kumsana, madzi ali m'chifuwa. Boma linaimitsa zisangalalo za Onam chaka chimenecho. Sabata yomweyo kunali Eid ya nsembe, ndipo ku Eravathur pafupi ndi Mala, mzikiti utamira, akuluakulu a kachisi wa Ahindu anatsegula holo yawo kuti Asilamu aswaliremo. Foni itayaka, mawu oyamba a Amma anali akuti, "Mone, tili moyo tonse, nyumba zitatu zonse." Sanawerenge nyumba yathu yokha.

Chimene chimandiopsa tsopano si madzi. Kanjira kathu kakutha anthu. Kalembera wa 2011 anapeza kale nyumba zoposa 1 miliyoni zopanda wokhalamo ku Kerala, ndipo chiyambire pamenepo achinyamata sanaleke kuchoka. Ana a Umma ali ku Dubai ndi ku Muscat, ana a mlongo wanga ali ku Ireland ndi ku Canada, ine ndili kuno. Ammavan anatisiya, ndipo maliro awo ndinaonera pa foni m'chipinda cha aphunzitsi, nthawi ya kwathu ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka. Mwana amene wakulira m'nyumba zosanja za kunja amadziwa tchalitchi chake, kapena mzikiti wake, kapena kachisi wake, chifukwa zimenezo makolo amapita nazo. Sadziwa kutseka zenera chifukwa cha lumbiro la mnzake. Ndipo pa WhatsApp, m'magulu a abale anga omwe, mumafika mauthenga akuti Mkhristu asamadye m'malesitilanti a Asilamu, asamagule m'sitolo zawo. Amene amatumiza kwambiri zoterezi ndi ife a kutali, amene tilibe mpanda woti mbale idutsepo. Ndikawaona ndimayankha poyera, ndi dzina langa, kuti ine ndinakula ndi pathiri wa Umma ndipo mayi anga ali moyo chifukwa cha msana wa mdzukulu wawo. Ena anandichotsa m'magulu awo chifukwa cha zimenezo.

Ntchito ya uphunzitsi imandilola kupita kwathu pa tchuthi chachikulu chokha, mu Ogasiti, pamene Pooram imagwa sukulu zili mkati mwa teremu. N'chifukwa chake mwana wanga wamwamuna, amene tsopano wandipitirira msinkhu, amaidziwa pa YouTube pokha. Chaka chino ndalembera akuluakulu a sukulu kupempha masabata awiri kumapeto kwa Epulo, ndipo mnzanga wavomera kundigwirira makalasi. Ndinaimbira mwana wa Ammavan, amene amayendetsa teksi ku Irinjalakuda, kumufunsa ngati angatiperekeze. Sanandilole kumaliza. "Chetta, mnyamatayo mudzandipatse ine," anatero. "Inu mudzatsatire pambuyo ndi madzi akumwa. Tidzanyamuke m'mamawa, chifukwa ikakwana 12 koloko pafupi ndi mtengo wa ilanji uja sipapezekanso poponda."